Hatchi Ikakana Kuyenda: Zimene Zaoneka m'Misewu ya ku Johannesburg

M'miyezi ya Juni ndi Julayi mzinda wa Johannesburg umazizira koopsa. Mzindawu uli pamalo okwera mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo masiku ena kumacha udzu utayera mbuu ndi chisanu. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 imeneyi ndiyo inali nyengo ya ntchito yakalavulagaga kwa mahatchi a ku Soweto. Ngakhale magetsi anali atafika m'nyumba zambiri, mabanja ankadalirabe mbaula za malasha pophika ndi pootha, ndipo malashawo ankayenda khomo ndi khomo pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi. Kawirikawiri woyendetsa ngolo sanali mwini wake wa hatchi. Anali mnyamata waganyu, amene nsima yake inkadalira kuti matumba afike kwa ogula dzuwa lisanalowe. Tsono hatchi ikaima pakati pa msewu n'kuumitsa miyendo, magalimoto akuimba hutala kumbuyo, mnyamatayo ankadziwa mankhwala amodzi okha: chikwapu.

Malonda a malasha anacheperachepera, koma ngolo za mahatchi sizinathe. M'madera a kumwera kwa mzindawu monga Orange Farm zimaonekabe zitanyamula zitsulo zakutha, nkhuni, mchenga kapena zinyalala. Vuto la kukana kuyenda nalonso silinathe, ndipo silisankha hatchi ya mmphawi yokha. Kumpoto, kudera la Kyalami, kuli makola a mahatchi amasewera a mtengo wapatali, kumene ena mwa owasamalira ndi anthu ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe. Kumenekonso hatchi yonenepa, yosalala bweya, imatha kuima pachipata wokwera ali pamsana, n'kukanitsitsa kuponya phazi. M'chiyankhulo cha Afrikaans hatchi yotere amaitcha steeks, ndipo liwulo amanenanso nalo munthu waliuma. Mzindawu unadziwana ndi mahatchi kuyambira pachiyambi: golide atapezeka mu 1886, anthu a m'tauni ankayenda pa timasitima ta pamsewu tokokedwa ndi mahatchi kuyambira 1891 mpaka ta magetsi titayamba mu 1906.

Mlangizi wa ku Dedza, Chipata kapena Angónia angathe kufunsa kuti nkhani ya hatchi ikumukhudza bwanji, popeza m'madera amenewa hatchi ndi nyama yosowa, makamaka chifukwa cha kashembe ndi matenda a mahatchi amene akhala akuziletsa kuswana. Yankho lake ndi lakuti ng'ombe yogona pansi ili pagoli, ndi bulu woima nji! pamlatho, akunena zomwezo zimene ikunena hatchi ya ku Soweto. Bungwe la ATNESA, lolumikiza akatswiri a ziweto zogwira ntchito kummawa ndi kumwera kwa Africa, linakhazikitsidwa mu 1990 ndipo linachita msonkhano wake woyamba waukulu ku Lusaka mu 1992. Ku South Africa bungwe lofanana nalo, SANAT, linayamba mu 1993. Pa zokambirana za mabungwewa nkhani ya zomangira zosayenera, zilonda ndi kusenzetsa katundu wopyola muyeso inkabwerezedwa kuchokera ku dziko lililonse.

Choyamba ndi ululu

Makolo a hatchi anali nyama zam'tchire zosakidwa ndi zilombo, ndipo nyama yotere ikaonetsa kufooka ndiyo imayamba kugwidwa. N'chifukwa chake hatchi imabisa ululu. Silira ngati mbuzi, sibuula ngati galu. Imangopirira mpaka tsiku limene yalephera, ndipo tsiku limenelo munthu amati yayamba mwano. Mu 2018 dokotala wa ziweto wa ku England, Sue Dyson, ndi anzake anasindikiza mndandanda wa zizindikiro 24 za hatchi yomva ululu pamene yakweredwa. Zina mwa izo ndi kugoneka makutu kumbuyo, kuyasamula kamwa, kupukusa mutu, kukupiza mchira kosalekeza, kuima mwadzidzidzi, ndi kusafuna kupita patsogolo. Iwo anapeza kuti hatchi yoonetsa zizindikiro zisanu ndi zitatu kapena kuposerapo nthawi zambiri ili ndi pena pamene pakuwawa. Zonsezi ndi zinthu zimene okwera akhala akuzitcha makhalidwe oipa.

Kotero hatchi imene inkayenda bwino dzana koma lero yakana, iyenera kuyamba yapimidwa isanadzudzulidwe. Kupimako kuyambire kuziboda. Mwendo uliwonse unyamulidwe ndipo pansi pa chiboda pakolokosoledwe bwino, chifukwa m'misewu ya m'tauni muli misomali, mawaya ndi magalasi osweka, pamene kumudzi kuli minga ndi timiyala. Chiboda chimodzi chikamatentha kuposa zinzake, mwina m'kati muli mafinya. Phula limadya zitsulo za kuziboda msanga, ndipo msomali wokhomedwa molakwika umalasa mnofu. Ziboda zimafuna kusepedwa pakatha milungu isanu ndi umodzi kapena isanu ndi itatu. Hatchi imene yaba chimanga kapena gaga n'kudya mopyoza imatupa m'kati mwa ziboda, ndipo imaima itatambasulira miyendo yakutsogolo patsogolo, thupi litatsamira kumbuyo. Kuiyendetsa ili choncho ndi kuilumaza kwa moyo wake wonse.

Kenako dzanja liyende pamsana, pamapewa ndi pachifuwa, likudina pang'onopang'ono. Hatchi ikanyung'unya khungu kapena kupinda msana, pamenepo pali nkhani. Bweya woyera wotuluka pamalo amodzi pa hatchi yakuda kapena yofiirira ndi chipsera cha chishalo kapena lamba amene anakhala akufinya kwa nthawi yaitali. Chishalo chabwino chimasiya mpata wolowa zala ziwiri kapena zitatu pamwamba pa linunda la pakati pa mapewa, wokwera atakhalapo kale. M'kamwa namo musaiwalike. Mano a hatchi amatuluka moyo wake wonse, mamilimita awiri kapena atatu pachaka, ndipo akuluakulu a kumbuyo amasongoka m'mbali n'kumacheka tsaya ndi lilime. Chizindikiro chake ndi timipira ta udzu wotafunidwa mwatheka togwa pansi pamene ikudya. Chitsulo cha m'kamwa chikathyoka, eni ngolo ena amapinda waya n'kuika m'malo mwake. Waya ameneyu amang'amba milomo, ndipo hatchi imaphunzira kuti kupita patsogolo ndiko kukakumana ndi mpeni.

Pali matendanso amene chizindikiro chake choyamba chimakhala ulesi. Kutentha kwa thupi la hatchi yathanzi kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, ndipo mtima umagunda ka 28 mpaka 44 pamphindi ikamapuma. Nkhama zake zimakhala zofiirira bwino. Zikayera kapena kuoneka zachikasu, mlangizi aganizire za matenda ofala ndi nkhupakupa, amene amaphwanya magazi. Kumapeto kwa dzinja, kuyambira Febuluwale mpaka chisanu chitagwa, aganizirenso za matenda oopsa a mahatchi a mu Africa, amene amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tochepa kuposa udzudzu, toluma kuyambira madzulo mpaka mbandakucha. Hatchi imatentha thupi, imatupa pamwamba pa maso, imabanika, ndipo mapapo akagwidwa zambiri zimafa. Abulu amadwala pang'ono chabe, mbidzi zimasunga kachilomboko osadwala. Malo ofufuzira a Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, amene anatsegulidwa mu 1908 motsogozedwa ndi Arnold Theiler, ndiwo anapanga katemera wake, ndipo kumeneko R. M. du Toit anatsimikiza mu 1944 za tizilombo tofalitsa matendawa. Ku South Africa katemerayu amaperekedwa chaka chilichonse pakati pa Juni ndi Okutobala, tizilomboto tisanachuluke.

Matenda a Lolemba

Pali vuto limodzi lofuna kulifotokoza mofatsa, chifukwa apa chikwapu chimapha. Akale a ku Ulaya ankalitcha matenda a Lolemba mmawa. Hatchi yogwira ntchito yolemetsa sabata yonse imapuma Lamulungu, koma mwini wake, pofuna kuikomera mtima, amaipatsa chimanga kapena gaga wochuluka ngati wa tsiku lantchito. Lolemba imanyamuka ndi mphamvu zake zonse. Isanapite patali imayamba kufupikitsa mapazi, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira, ikupumira pamwamba, kenako n'kuima. Minofu ya m'chiuno ndi m'matako imalimba gwa ngati thabwa, ndipo ikakhudzidwa hatchi imamva kuwawa. Ikakodza, mkodzo umatha kutuluka wofiira kapena wakuda ngati khofi.

Chimene chachitika n'chakuti minofuyo yayamba kuonongeka, ndipo zotuluka m'minofu yoonongekayo zikudutsa mu impso. Phazi lililonse limene hatchi ingakakamizidwe kuponya likuonjezera kuonongekako. Apa palibe kunena kuti ingofika kunyumba kaye. Wokwera atsike, ngolo imasulidwe pomwepo, hatchi ifundidwe bulangete m'chiuno ngati kukuzizira, ipatsidwe madzi, ndipo aitanidwe a zaziweto. Kupewa kwake n'kosavuta ndiponso kumapulumutsa ndalama: tsiku lopuma, chakudya chamaso chichepetsedwe ndi theka kapena kuposa apo, udzu ndi madzi zikhale zokwanira, ndipo hatchi isatsekeredwe m'khola tsiku lonse. Mmawa wantchito iyambe ndi kuyenda pang'onopang'ono.

Hatchi yoima n'kumayang'ana m'nthiti mwake, kupalasa pansi ndi kufuna kugubuduka, imeneyo ikupotokola m'mimba. Hatchi siyitha kusanza, choncho vutoli nalonso ndi la a zaziweto, osati la chikwapu.

Zimene hatchi ikuona

Thupi likapezeka labwino, funso lotsatira n'lakuti hatchi yaima pati. Malo amene yaimawo amaulula zambiri. Maso a hatchi ali m'mbali mwa mutu, kotero imaona pafupifupi mbali zonse nthawi imodzi, kupatula kumbuyo kwenikweni ndi pafupi ndi mphuno yake. Kanthu kamene kali pansi patsogolo pake imakaona bwino pokhapokha itatsitsa mutu. Maso akewo amachedwanso kuzolowera mdima pochokera padzuwa. Chithaphwi chonyezimira, chivundikiro chachitsulo cha ngalande, njanji, jumbo louluka ndi mphepo, mthunzi wa pansi pa mlatho, zonsezi kwa munthu si kanthu, koma kwa hatchi likhoza kukhala dzenje lopanda malire. Wokwera akaikoka zingwe n'kuidzutsa mutu, waichotsera njira yokhayo yodziwira kuti pansipo n'popondeka.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Hatchi yamantha iloledwe kuima itayang'ana chinthucho, zingwe zili zomasuka pang'ono, itsitse mutu ndi kununkhiza. Chokhacho chimene isaloledwe ndicho kutembenuka n'kuthawa. Ikafwenthera, makutu n'kuyamba kuyendayenda, ndiye kuti mtima watsika ndipo ikhoza kupemphedwa phazi limodzi. Pakakhala hatchi ina yozolowera, itsogole, chifukwa hatchi imakhulupirira inzake kuposa munthu. Okwera ambiri amaona ngati kutsika n'kugonja. Maganizo amenewa avulaza anthu. Pamsewu wodutsa maminibasi ndi malole palibe malo ophunzitsira chiweto. Wokwera atsike, aime pafupi ndi phewa la hatchi atayang'ana kumene akupita, ndipo ayende nayo limodzi. Kuima kutsogolo kwake n'kumaikoka maso ali pa iyo kumangoipangitsa kutsamira kumbuyo, ndipo pa mpikisano wokokana munthu wa makilogalamu 70 sangapambane nyama ya makilogalamu 400.

Hatchi ina simaopa kanthu, koma imaima pachipata cha khola kapena pamphambano yolowera kwawo. Imeneyo ikukana kusiyana ndi zinzake. Imachira poyamba kutuluka ndi inzake, kenako yokha maulendo aafupi, mtunda n'kumaonjezeka tsiku ndi tsiku. Wokwera asazolowere kutsikira pamalo amodzimodzi, ndiponso asamaithamangitse pobwerera kunyumba.

Dzanja ndi mwendo wa wokwera

Nthawi zambiri vuto lili pachishalo pomwepo. Hatchi imaphunzira makamaka pa njira iyi: yafinyidwa, yachita kanthu, kufinyako kwaleka. Chimene yachita pa kamphindi kamene kufinyako kwaleka ndicho imasunga. Wokwera amene amagogoda nthiti ndi zidendene ulendo wonse, hatchi ikuyenda kale, akuiphunzitsa kuti miyendo yake ilibe tanthauzo. Wina, chifukwa cha mantha, amagogoda ndi miyendo kwinaku atakoka zingwe. Ameneyo ali ngati kholo louza mwana kuti bwera kuno, khala pomwepo. Hatchi yotsekeredwa kutsogolo ndi kumbuyo imatsala ndi njira imodzi, ya kumwamba, ndipo ikaimirira ndi miyendo iwiri imatha kugwa chagada n'kupsinja wokwerayo. Ikayamba kutero, wokwera aweramire kukhosi kwake ndi kumasuliratu zingwe.

Kapemphedwe koyenera kamakwera pang'onopang'ono. Manja apite patsogolo kuti njira itseguke. Miyendo ifinye mopepuka pamodzi ndi liwu limene hatchi inazolowera. Ikapanda kuyankha, kamtengo kagogode mopepuka kuseri kwa mwendo wa wokwera, mobwerezabwereza, mpaka phazi limodzi litasuntha kupita patsogolo. Pomwepo zonse zileke. Kuchedwa ndi masekondi awiri kapena atatu n'kokwanira kusokoneza phunziro lonse. Hatchi imene yazika miyendo ngati mitengo imazulidwa poitembenuzira mutu mbali imodzi kuti miyendo yakumbuyo idutsane, chifukwa siyingathe kuuma ndi kukhota nthawi imodzi. Ikangosuntha, iwongoleredwe kumene ulendo ukupita. Kuikwapula itayamba kale kuyenda, pofuna kuphwetsa mkwiyo, ndiko kuilanga chifukwa chomvera.

Kulemera nakonso kuli ndi malire. Muyeso umene ambiri amatsata ndi wakuti wokwera pamodzi ndi chishalo asapyole gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa hatchi. Hatchi yaing'ono ya makilogalamu 350 isasenze oposa 70.

Pa ngolo nkhani ndi yomweyo, kungoti pali zambiri zoyang'ana. Mphamvu imene hatchi ingakoke nayo tsiku lonse ndi pafupifupi magawo 10 mpaka 15 pa 100 aliwonse a kulemera kwake, ndipo povuta kwambiri ndi poyambira ndi pachitunda. Matayala ophwa ndi mabeya ouma girizi amaonjezera katundu wosaoneka. Lamba wa pachifuwa akakwera amafinya kholingo, akatsika amamanga mapewa. Popanda kamtanda kosuntha kolumikiza zingwe zokokera ku ngolo, lambayo amakhula khungu pa phazi lililonse. Popanda lamba wa kumatako, ngolo imagunda miyendo potsetsereka. Hatchi imene yayesa kangapo kukoka katundu woipyola n'kulephera imaleka kuyesa, ngakhale tsiku lina katundu atachepa. Imeneyo imayambiranso ndi ngolo yopanda kanthu pamalo athyathyathya, katundu n'kumaonjezeka pang'onopang'ono. Ikaima pachitunda, mwala uikidwe kuseri kwa tayala, ipume, matumba ena atsitsidwe. Lamulo loteteza nyama la ku South Africa, la nambala 71 la 1962, limaletsa kusenzetsa chiweto mopyola muyeso, kuchimenya mwankhanza ndi kuchigwiritsa ntchito chili chodwala kapena chovulala.

Abulu ndi ng'ombe

Hatchi ikaopa imafuna kuthawa, pamene bulu akaopa amaima n'kuganiza, ndipo mbiri yake ya liuma inachokera pamenepa. Bulu amabisa ululu kuposa hatchi. Amene wangoti zii, mutu uli pansi, osadya, ndi wodwala kwambiri ngakhale asaonetse china. Matenda a denkete atapha ng'ombe zambiri kuchigawo cha kumwera kwa Zambia m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, alimi ena anatembenukira kwa abulu, ndipo malo ophunzitsira a Palabana pafupi ndi Lusaka anagwira ntchito yophunzitsa kamangidwe kake. Komabe mpaka lero m'midzi yambiri abulu amamangidwa pagoli la ng'ombe. Ng'ombe ili ndi khosi lochindikala ndi linunda lotsamirapo goli, pamene bulu amakoka ndi chifuwa ndi mapewa. Goli pakhosi la bulu limabala zilonda, ndipo bulu wazilonda amaima. Ng'ombe nayo ikagona m'munda, anthu amathamangira kuipotokola mchira kapena kuiluma, osayang'ana ngati goli lili ndi mfundo yosasalazidwa, ngati zingwe za kukhosi zathina, kapena ngati dzuwa lakwera ng'ombeyo ili ndi njala ya m'chilimwe.

Pamene chiweto sichingapume

Langizo lakuti chiweto chovulala chipume n'losavuta kulinena. Mwini ngolo imodzi amayankha kuti hatchi ikapuma ana agona ndi njala, ndipo sakunama. Mabungwe ogwira ntchito m'madera ozungulira Johannesburg anakumana ndi yankho limeneli kuyambira kale. La Highveld Horse Care Unit, limene linayamba mu 1991 ndipo lili ku Meyerton, limalanda ziweto zozunzidwa kwambiri, koma mbali yaikulu ya ntchito yake ndi kuyendera eni ngolo kumene ali, kupereka mankhwala a njoka zam'mimba, kusamalira ziboda ndi kukonza zomangira. Enos Mafokate, amene anabadwira ku Alexandra mu 1944, anayamba ngati wosamalira mahatchi a azungu, nakhala munthu wakuda woyamba kutchuka m'dzikomo pa masewera odumphitsa mahatchi. Iye anagwiraponso ntchito yosamalira mahatchi a ngolo ku Soweto pansi pa bungwe la PDSA, ndipo mu 2007 anatsegula malo ophunzitsira kukwera mahatchi ku Rockville, m'kati mwa Soweto momwemo. Mwini ngolo amamvera msanga munthu amene wabwera ndi lamba wabwino m'manja kuposa amene wabwera ndi buku la malamulo.

Mlangizi wopanda galimoto ya mankhwala angathe kuchitabe zina ndi zimene zilipo. Chilonda cha lamba chitsukidwe kawiri patsiku ndi madzi owiritsa, ozizira, osungunulamo kasupuni kamodzi ka mchere pa theka la lita. Oyilo wakutha wa galimoto, amene ambiri amapaka, amaotcha mnofu ndi kuchedwetsa kupola. Waya ndi mfundo zonse zokhudza khungu zichotsedwe, ndipo lamba akutidwe ndi chikopa cha nkhosa kapena nsalu yofewa yochapika. Ngati chilonda chili chaching'ono ndipo ntchito siyingaime, chidutswa cha bulangete chipindidwe kangapo, pakati pake pabooledwe dzenje loposa chilondacho kukula, ndipo chimangiriridwe ku lamba kuti kulemera kugwere m'mbali, pachilondapo osakhudzidwa. Katundu achepetsedwe ndi theka mpaka bweya utayamba kumera. Chilonda chakuya, chotuluka mafinya, kapena cha pa linunda la pakati pa mapewa sichilola njira imeneyi. Pamenepo hatchi ichoke pangolo, ndipo mlangizi athandize mwini wake kukambirana ndi anzake a pabwalo lomwelo za kubwerekana ina kwa milungu iwiri kapena itatu.